Mawatsi 10,000 pa katoni: mmene Physics ingakuthandizireni kusankha masipika a pabalaza

Masabata awiri apitawo, titangomaliza phunziro la magetsi, mnyamata wina wa Fomu 3 ananditsatira mpaka pakhonde la ofesi ya aphunzitsi. M'manja anali ndi kapepala komwe anakoperapo manambala.

"Aphunzitsi, amalume agulitsa soya ndi mtedza, ndiye akufuna masipika aatali aja oima pansi, oika pabalaza. Akuti ndiwaperekeze ku tauni Loweruka poti ine ndi amene ndili pasukulu. Anaonako mitundu iwiri. Ena ndi atsopano, oyaka magetsi amitundumitundu, alembapo 10,000 W. Ena ndi akale, alembapo 60 W basi, ndi ka-ampulifaya kake kapadera. Koma mtengo ndi umodzimodzi. Ndiye apa palinso nkhani ngati? Si a 10,000 omwewo?"

Ndinamuuza kuti nkhani ilipo, yaikulunso. Ambiri a inu kuno ku Mpingu, ku Namitete kapena ku Nsaru ndinu amene mumawerengera makolo zolembedwa pa katundu akapita kogula. Ndalama ya zokolola imabwera kamodzi pachaka, ndipo chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu wa magetsi wochokera kunja sakugulika mwamasewera. Mukawalakwitsa makolo pa chinthu ngati ichi, lapita ndi thukuta la dzinja lonse. Zomwe ndinakambirana ndi mnzanuyo ndazilemba pano kuti nonse mupindule, chifukwa zonse zofunika posankha sipika mumaziphunzira kale m'kalasi.

Sipika ndi ng'oma yoimbidwa ndi magetsi

Mukamenya ng'oma, chikopa chimanjenjemera, n'kumakankha mpweya kutsogolo ndi kuukoka kumbuyo. Kukankhana kwa mpweya kumeneku kumayenda ngati mafunde mpaka kufika m'khutu mwanu. Sipika imachita chimodzimodzi, kungoti m'malo mwa dzanja la woimba pali magetsi.

Mukatsegula sipika iliyonse mupezamo zinthu zitatu zikuluzikulu: maginito, koyilo ya waya wopyapyala yomwe ili pakati pa maginitowo, ndi chimbale cha pepala lolimba kapena pulasitiki chooneka ngati fanulo, chomwe timachitcha khoni. Magetsi ochokera mu ampulifaya akadutsa mu koyilo, koyiloyo imakankhidwa ndi maginito. Ndi lamulo la dzanja lamanzere la Fleming lija mumavutika nalo pa mayeso. Popeza magetsi a nyimbo amasinthasintha kolowera, koyilo imapita kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, ndipo khoni imatsatira.

Kuti magetsi ndi maginito ndi pachibale anazitulukira ndi Hans Christian Ørsted wa ku Denmark mu 1820. Sipika ya mtundu womwe tikugwiritsa ntchito lerowu inalongosoledwa mu 1925 ndi Chester Rice ndi Edward Kellogg, akatswiri a kampani ya General Electric ku America. Papita zaka pafupifupi 100, koma mfundo yake sinasinthe.

Tsono mvetsetsani ichi. Sipika ya m'nyumba ndi chida chowononga mphamvu kwambiri. Pa mphamvu yonse yomwe imalowa, pafupifupi gawo limodzi lokha pa magawo 100 ndi lomwe limasanduka phokoso, mwinanso osafika. Yotsalayo imangotenthetsa koyilo. Ndiye mawatsi amatiuza za mphamvu yomwe chida chikudya, osati kukula kapena kukoma kwa mawu otuluka. Munthu wodya mitanda isanu ya nsima sindiye kuti alima mizere yambiri kuposa wodya mitanda iwiri.

Tiyeni tiwerengere limodzi mawatsi 10,000 aja

Tengani cholembera. Mphamvu ya magetsi timaipeza ndi P = V × I. Magetsi a ESCOM amafika m'nyumba zathu ali 230 V. Pulagi ya mano atatu yomwe timagwiritsa ntchito ku Malawi imakhala ndi fyuzi yosapitirira 13 A. Tikachulukitsa 230 ndi 13 tipeza 2,990. Ndiye kuti chida chilichonse cholumikizidwa pa soketi wamba sichingakoke mphamvu yoposa mawatsi 3,000 kwa nthawi yaitali fyuzi osaphulika. Ketulo ya magetsi imadya pafupifupi mawatsi 2,000. Sipika ya mawatsi 10,000 enieni ikanamadya ngati maketulo asanu owira nthawi imodzi. Mukuganiza kuti kawaya kake kakang'ono kaja kangapirire zimenezo?

Kumbukirani lamulo loyamba lija: mphamvu silengedwa, imangosintha maonekedwe. Chida sichingatulutse mphamvu yoposa yomwe chalandira. Choncho mukafika m'sitolo, musataye nthawi ndi katoni. Pemphani kuti akutembenuzireni chidacho. Kumbuyo, pafupi ndi polowera waya wa magetsi, pamakhala kachikwangwani kakang'ono kolembedwa mavoti ndi mawatsi omwe chidacho chimadya. Mukapeza 45 W kapena 60 W, dziwani kuti zotuluka kupita ku masipika n'zochepera pamenepo.

Nanga 10,000 uja wachokera kuti? Yang'anitsitsani pafupi ndi nambalayo, muona tizilembo tinayi: PMPO. Imeneyi ndi nambala ya malonda. Palibe muyeso umodzi womwe makampani anagwirizana powerengera PMPO, aliyense amalemba yomwe akuona kuti ikopa ogula. Nambala yothandiza ndi ya RMS, yomwe imasonyeza mphamvu yomwe chida chingapereke mosalekeza. RMS si mawu achilendo kwa inu: 230 V ya ESCOM ija ndi RMS, pomwe pansonga penipeni pa funde lake pamafika pafupifupi 325 V.

Palinso kusiyana kwina kofunika. Masipika ena ali ndi ampulifaya m'kati mwawo, mumangolumikiza ku soketi ndi ku foni. Ena ndi bokosi ndi masipika basi, amafuna ampulifaya yapadera. Pa mtundu wachiwiriwu, 60 W satanthauza kuti sipika imatulutsa mawatsi 60. Akutanthauza kuti koyilo yake ingapirire mawatsi 60 isanapse. Zili ngati chikwangwani cha pa mlatho chonena matani omwe mlathowo unganyamule. Ndipo powerengera ndalama, musaiwale kuphatikiza mtengo wa ampulifaya ndi mawaya.

Nambala yomwe ogulitsa satchula kawirikawiri

Kukula kwa phokoso timakuyeza mu ma decibel, mwachidule dB. Ma decibel ali ndi khalidwe lodabwitsa. Mukawirikiza kawiri mphamvu ya magetsi, phokoso limangokwera ndi 3 dB, komwe ndi kusintha kwakung'ono m'khutu. Kuti munthu amve ngati phokoso lawirikiza kawiri, pamafunika pafupifupi 10 dB, ndiye kuti mphamvu yochuluka kakhumi. Ampulifaya ya mawatsi 100 silira kawiri kuposa ya mawatsi 50. Imangoposa pang'ono chabe.

Masipika abwino amalembedwa nambala ina yotchedwa sensitivity. Imanena ma decibel omwe sipika imatulutsa ikapatsidwa watsi imodzi yokha, woyeza ataima mita imodzi kutsogolo kwake. Masipika ambiri a m'nyumba amakhala pakati pa 85 dB ndi 92 dB.

Tiyerekeze masipika awiri. Yoyamba ndi ya 92 dB, yachiwiri ndi ya 86 dB. Yachiwiriyo ikapatsidwa watsi imodzi itulutsa 86, mawatsi awiri 89, mawatsi anayi 92. Mwaona? Ikufuna mawatsi anayi kuti ifike pomwe inzake yafika ndi watsi imodzi. Choncho sipika ya 92 dB pa ampulifaya ya mawatsi 20 ilira mofanana ndi ya 86 dB pa ampulifaya ya mawatsi 80. Kwa munthu wa ndalama zochepa, kapena amene amadalira sola ndi batire, nambala iyi ndi yofunika kuposa mawatsi.

Onaninso kuti watsi imodzi yokha ikupereka kale phokoso loposa 85 dB, lomwe ndi lalikulu zedi m'chipinda. Pabalaza la mamita anayi m'litali ndi anayi m'lifupi, ampulifaya ya mawatsi 20 mpaka 50 RMS mbali iliyonse ndi yokwanira, mpaka aneba kudandaula. Ngati nambala ya sensitivity palibe, monga zimakhalira pa katundu wambiri wotsika mtengo, pemphani kuti alumikize masipika awiriwo pa ampulifaya imodzi, nyimbo imodzi, volyumu osaisuntha. Khutu lanu likuuzani.

N'chifukwa chiyani m'bokosi limodzi muli masipika aakulu ndi aang'ono?

Khutu la wachinyamata limamva mafunde kuyambira pa 20 Hz mpaka pafupifupi 20,000 Hz. Mawu a manambala otsika ndi aja timati bezi, ogunda pachifuwa. A manambala okwera ndi opyapyala, ngati a chisekese kapena likhweru.

Gwiritsani ntchito v = fλ. Liwiro la phokoso mu mpweya ndi pafupifupi mamita 340 pa sekondi. Pa 50 Hz, funde limodzi ndi lotalika mamita 6.8, kuposa pabalaza penipenipo. Pa 10,000 Hz, funde ndi la masentimita 3.4 okha. Kuti mupange funde lalitali lija momveka, muyenera kukankha mpweya wambiri, ndiye pamafunika khoni yaikulu. Kuti mupange lalifupilo, pamafunika kanthu kopepuka kotha kunjenjemera maulendo 10,000 pa sekondi. N'chifukwa chake ng'oma yaikulu imalira mozama pomwe kang'oma kakang'ono kamalira mokweza, ndipo n'chifukwa chake foni yanu ilibe bezi, kaya ndi yodula chotani.

Sipika yaikulu ya bezi imatchedwa wufa, yaing'ono ya mawu opyapyala ndi twita, ndipo mabokosi ena amakhala ndi yapakati yonyamula mawu a munthu. M'kati mumakhala kadera ka ma capacitor ndi makoyilo kotchedwa crossover, komwe ntchito yake ndi kugawa: bezi ipite ku wufa, mawu opyapyala apite ku twita.

Apa ndi pomwe maso amanamiza anthu. Kuchuluka kwa makhoni si umboni wa ubwino. Malo omwe khoni imakankha mpweya amadalira sikweya ya kukula kwake. Wufa imodzi ya mainchesi 8 itipatsa 8 × 8 = 64. Awiri a mainchesi 5 atipatsa 25 + 25 = 50. Imodzi ija yapambana. Choipa kwambiri n'chakuti pa masipika ena otsika mtengo, makhoni ena ndi okongoletsa chabe, kumbuyo kulibe maginito kapena waya. Nyimbo ikulira chapansipansi, ikani khutu pafupi ndi khoni iliyonse payokhapayokha. Yomwe ili chete ndi chidole.

Bokosi si chokongoletsa

Khoni ikamapita kutsogolo imapanikiza mpweya wa kutsogolo, koma nthawi yomweyo imasiya mpata kumbuyo. Popanda bokosi, mpweya wopanikizidwawo umangozungulira m'mphepete n'kukadzaza mpata uja, mafunde awiriwo n'kufafanizana. Mafunde aatali a bezi ndi omwe amafa kwambiri. Yesani nokha: tengani kasipika ka wailesi yakufa, kalizeni kali pamtunda, kenako kaikeni pa bowo lomwe mwaboola pa katoni. Mumva mawu akunenepa nthawi yomweyo.

Ntchito ya bokosi ndi kutsekera funde la kumbuyo. Bokosi lalikulu limapatsa wufa mpweya wambiri woti ipumiremo, ndipo uwu ndiye ubwino weniweni wa masipika aatali oima pansi. Koma bokosilo lisamanjenjemere lokha. Ligogodeni ndi chala chopinda m'mbali. Likamveka "du du" ngati mwagogoda chitsa, ndi labwino. Likamveka "pho pho" ngati chigubu chopanda madzi, ndi lopyapyala, ndipo lizidzawonjezera phokoso lake pa nyimbo iliyonse. Linyamuleninso. Bokosi lalitali kufika m'chiuno koma lopepuka ngati dengu, likayikireni.

Mabokosi ambiri ali ndi bowo lozungulira kutsogolo kapena kumbuyo. Si lolowetsa mphepo yoziziritsa ayi. Uzirani pakamwa pa botolo lopanda kanthu, mumva kulira kozama. Thiranimo madzi pang'ono, kulirako kukwera. Mpweya wa pakhosi pa botolo umadumphadumpha pamwamba pa mpweya wa m'kati ngati katundu pa sipuling'i. Wasayansi wa ku Germany, Hermann von Helmholtz, anafufuza zimenezi m'zaka za m'ma 1800, ndipo mpaka lero zimadziwika ndi dzina lake. Bowo la pa sipika limagwira ntchito ngati khosi la botolo: kukula kwake ndi kutalika kwa paipi yake anaziwerengera kuti ziwonjezere bezi.

Ena amagula wufa ndi twita paokha n'kukapangitsa bokosi kwa kalipentala wa pa msika. Ndi njira yabwino yopulumutsira ndalama, bola matabwa akhale ochindikala, molumikizira monse mumatidwe guluu kuti mpweya usatuluke, ndipo m'kati muikidwe thonje kapena siponji. Ngati simukudziwa kuwerengera bowo, bokosi lotseka paliponse silikhumudwitsa kawirikawiri kusiyana ndi la bowo longoganizira.

Ma ohm: pomwe ma ampulifaya ambiri amafera

Kumbuyo kwa sipika mupeza 4 Ω, 6 Ω kapena 8 Ω. Kumbuyo kwa ampulifaya amalembanso ma ohm otsikitsitsa omwe ingapirire. Lamulo la Ohm likuti I = V ÷ R. Ma ohm akachepa, magetsi oyenda amachuluka, ndipo ampulifaya imatentha.

Vuto limabwera pa chinkhoswe kapena pa ukwati, anthu akabwereka masipika kwa aneba n'kuwalumikiza onse pa mawaya amodzi. Kumeneko ndi kulumikiza kwa parallel. Masipika awiri a 8 Ω amapanga 4 Ω. Anayi amapanga 2 Ω. Ampulifaya yopangidwira 8 Ω ikukakamizidwa kupereka magetsi ochuluka kanayi. Nyimbo zisanathe zitatu, kafungo ka waya wopsa kayamba.

Chodabwitsa china n'chakuti ampulifaya yaing'ono ingathe kupsereza sipika yaikulu. Mukaikweza kupyola mphamvu yake, nsonga za mafunde zimadulidwa, mawu n'kuyamba kusasa ndi kuthetheka. Mafunde odulidwawo amakhala ndi mphamvu yambiri ya mawu okwera, yomwe yonse imathamangira ku twita, koyilo yake yopyapyala ngati tsitsi n'kupsa. Lamulo ndi losavuta: mawu akayamba kusasa, tsitsani volyumu.

Zochita mukafika m'sitolo

Kaya mwapita m'masitolo a ku Area 2, kaya mwapeza masipika akale kwa munthu amene akusamuka, nyamulani zinthu zitatu: foni kapena fulashi yokhala ndi nyimbo zomwe mumazidziwa bwino, batire imodzi ya tochi ya 1.5 V, ndi tiwaya tiwiri.

Wogulitsa adzakuikirani nyimbo ya bezi yambiri pa volyumu yokwera, chifukwa phokoso lalikulu limabisa zolakwika. Inu pemphani mwaulemu kuti aike zanu. Yambani ndi mawu a munthu akulankhula, monga nkhani za pa wailesi. Khutu lathu limadziwa bwino mawu a munthu kuposa china chilichonse. Akamveka ngati akulankhulira mu mgolo kapena atatsina mphuno, sipikayo ili ndi vuto. Kenako ikani nyimbo ya kwaya: kodi mukutha kusiyanitsa mawu a amayi, a abambo ndi a bezi? Pomaliza ikani ya ng'oma ndi gitala ya bezi. Bezi yabwino imakhala ndi manoti osiyanasiyana, ndipo ng'oma ikagunda imaleka msanga. Bezi yoipa imangoti "buu buu" pa noti imodzi. Mverani pa volyumu yotsika kaye, kenako kwezani pang'onopang'ono mpaka mumve pomwe mawu ayambira kusasa.

Pa masipika akale, onjezani izi. Yang'anani mkombero wofewa wozungulira khoni. Ukakhala wa siponji umafumbwa ndi zaka, ndipo ukang'ambika bezi imatha. Chida chili chozimitsa, kankhani khoni ya wufa pang'onopang'ono ndi zala zotambasula mozungulira pakati pake. Iyenera kulowa ndi kubwerera mwakachetechete. Mukamva kukhulana ngati muli mchenga, koyilo inapsapo kapena inapindika. Twita yokha musaikhudze. Kenako, pa masipika opanda ampulifaya m'kati, chotsani mawaya onse ndipo gunditsani batire ija kumalo olumikizira kwa kamphindi. Mumva "thu" ndipo wufa isuntha. Ikapanda kusuntha, penapake padaduka. Ngati mungabwereke multimeter, sipika ya 8 Ω imaonetsa pafupifupi 6 Ω, ndipo zimenezo n'zabwinobwino.

Funsaninso ngati pali masiku obwezera katundu akapezeka ndi vuto, ndipo tengani lisiti. Magetsi ovinavina, Bluetooth ndi rimoti ndi zosangalatsa, koma ndalama yomwe yapita kumeneko yachotsedwa pa maginito ndi matabwa.

Mukafika nawo kunyumba

Pali zinthu zokometsa mawu zomwe sizifuna ngakhale tambala imodzi. Choyamba, lumikizani waya wofiira ku chofiira, wakuda ku chakuda, mbali zonse ziwiri. Mukasemphanitsa mbali imodzi, wufa ina izipita kutsogolo pomwe inzake ikubwerera, ndipo bezi izifafanizika. Batire ija ikuthandizani: mbali ya + ikagunda polumikizira pofiira, khoni iyenera kutulukira kunja pa masipika onse awiri.

Chachiwiri, mafunde aafupi a twita amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi, pomwe bezi imafalikira paliponse. N'chifukwa chake masipikawa anawapanga aatali, kuti twita ikhale pa msinkhu wa khutu la munthu wokhala pampando. Atalikitseni mamita awiri kapena kuposerapo pang'ono, mpando ukhale patali mofanana ndi onse awiri, ngati mafuwa atatu a pamoto. Mukawayandikiza ku khoma bezi imawonjezeka, pakona imawonjezeka kwambiri, nthawi zina mpaka kusokoneza mawu. Ngati bowo lili kumbuyo, siyani mpata wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri kuchoka ku khoma. Nyumba ya simenti pansi ndi malata opanda siling'i imabweza mawu kwambiri. Mphasa kapena kapeti pansi, makatani ndi mipando ya nsalu zimameza mafunde obwererawo.

Chachitatu, matabwa a mabokosi ambiri ndi utuchi wopanikiza ndi guluu. Akamwa madzi amafufuma ndipo sabwereranso. Pokolopa, kapena m'nyengo ya mvula pansi pakamachita chinyezi, aikeni pa timatabwa kapena pa timiyendo ta labala. Chenjeraninso ndi chiswe, komanso makoswe omwe amalowera pa bowo lija.

Magetsi akazima, zimitsani pa soketi, chifukwa pobwera nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopyola muyeso. Kukamachita ziphaliwali, zulani pulagi. Kwa inu a sola, werengerani batire: ya 12 V ndi 7 Ah imasunga 12 × 7 = 84 Wh. Chida chodya mawatsi 20 chingayende maola anayi pa pepala, koma batire ya asidi siyenera kutsitsidwa kupyola theka ngati mukufuna ikhalitse, ndiye werengerani maola awiri. Chida cha mawatsi 10,000 enieni chikanaimaliza batire yomweyo m'masekondi 30.

Chida chomwe simungagule kawiri

M'kati mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati nkhono, ndipo m'menemo muli timaselo ta tsitsi tomwe timasandutsa kunjenjemera kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso lalikulu limatiwononga, ndipo mwa munthu timaselo timeneti tikafa sitimeranso. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole maola 40 pa sabata akumvera phokoso la 80 dB. Phokoso likakwera ndi 3 dB, nthawiyo imadulidwa pakati: 83 dB ndi maola 20, 86 dB ndi maola 10, 92 dB ndi maola awiri ndi theka. Pofika cha m'ma 100 dB, yomwe masipika a pabalaza angafike mosavuta mukakhala pafupi, zatsala mphindi 20 zokha pa sabata yonse.

Muyeso wosafuna chida ndi uwu: ngati mukuchita kukuwa kuti mnzanu amene ali pafupi nanu akumveni, phokoso lapyola. Mukachoka ku dansi makutu akulira "nziii", limenelo ndi chenjezo. Ndipo mwana wakhanda asagonekedwe pafupi ndi sipika.

Zinatha bwanji kwa amalume aja?

Lolemba lotsatira mnyamata uja anandipeza ndisanalowe m'kalasi. Anati atatembenuza masipika a 10,000 W aja, kumbuyo anapeza 45 W, ndipo pa makhoni asanu a bokosi lililonse, awiri sankalira n'komwe. Koma akale ajanso sanapambane mayeso: wufa ya mbali imodzi inkakhula poikankha. Anasiya onse awiri. Atazungulira mpaka masana anapeza ena ooneka wamba, wufa imodzi ya mainchesi 8 ndi twita imodzi bokosi lililonse, olemera bwino, ndi ampulifaya yolembedwa 30 W RMS mbali iliyonse. Ndalama inatsalako, ndipo amalume anamugulira nsapato za kusukulu.

"Koma aphunzitsi," anatero akuseka, "wogulitsa uja anandifunsa ngati ndimakonza mawailesi."

Nayi ntchito yanu ya sabata ino. Pezani chida chilichonse cha nyimbo kwanu kapena kwa aneba, mupemphe kaye chilolezo, ndipo mulembe manambala awiri: ya kutsogolo kapena pa katoni, ndi ya pa kachikwangwani ka kumbuyo. Gawani yoyamba ndi yachiwiri. Kenako yankhani funso ili: muli ndi ampulifaya yolembedwa kuti isapatsidwe zochepera 4 Ω mbali iliyonse, ndipo muli ndi masipika anayi a 8 Ω. Mungawalumikize bwanji onse anayi osaipsereza? Mubwere ndi mayankho Lachitatu, tidzayambira pamenepo.